Musathamangile kukhuthula nsomba m'madzi atsopano

Zambia ilibe nyanja ya mcele, koma muno mu Lusaka muli anthu ocepa, monga ku Kabulonga ndi Woodlands, amene amasunga tinsomba tokongola ta m'nyanja ya mcele m'matanki a galasi. Mwina mufunsa kuti nkhani ya olemela itikhudza bwanji ife alimi. Pitilizani kuwelenga, abale ndi alongo.

Pa malonda amenewa, tinsomba tambili timacokela ku Indonesia ndi Philippines, tina ku gombe la Kenya. Timabwela pa ndeke m'matumba a pulasitiki okhala ndi madzi pang'ono ndi mpweya wa oksijeni. Tikatsika pa Kenneth Kaunda International Airport, timadutsa Chelstone pa mseu wa Great East kulowa m'tauni. Ulendo wonsewo tingaupilile, koma ngozi yaikulu ili pa ola lomasula thumba.

Cifukwa cake n'ici. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja ili ndi mcele wokwana magalamu 35. Nsomba ikalowa mwadzidzidzi m'madzi osiyana mcele kapena kutentha, thupi lake limalephela kuzolowela. Cinanso, nsomba imatulutsa zonyansa zochedwa ammonia. Thumba likali lomanga, mpweya woipa umene nsomba yapuma umawawasa madzi ndi kufooketsa ululu wa ammonia. Mukangomasula, mpweyawo umathawa ndipo ululu umakula, n'kuyamba kuocha makha a nsomba.

Conco wamalonda wodziwa nchito amayandamitsa thumba losamasula pa tanki kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kulingane. Ndiyeno amamasula, n'kumathilamo madzi a m'tanki pang'ono-pang'ono. Ngati ulendo unali wautali, sacedwa, cifukwa ca ammonia uja. Pomaliza amacotsa nsomba ndi kaukonde, madzi a m'thumba n'kutaya.

Ife a m'kagulu ka mpingo wathu ku Kabwata sitinali kudziwa zimenezi. Tinasonkha ndalama, tinakumba damu kumunda wa mnzathu kunja kwa tauni, ndipo tinagula tiana ta nsomba za bream. Tinafika masana, matumba atatentha m'galimoto. Ndi cimwemwe tinangokhuthula. M'mawa mwake tambili tinali titayandama mimba m'mwamba. Tinayamba kuloza cala wogulitsa, koma colakwa cinali cathu.

Bream ndi nsomba ya madzi opanda mcele, koma lamulo ndi limodzi. Nyamulani tiana m'mamawa kapena madzulo, matumba muwaphimbe ku dzuwa. Mukafika, yandamitsani thumba pa damu mphindi 15 mpaka 20, mumasule, mulowetsemo madzi a m'damu pang'ono-pang'ono, kenako mupendeke thumba kuti tinsomba tituluke tokha. Musatipatse cakudya tsiku limenelo. Pewani June ndi July, pamene madzi azizila kwambili. Ngati mugwilitsa nchito madzi a pampopi, kumbukilani kuti muli klorini wopha tizilombo, amene amaphanso nsomba. Asiyeni poyela masiku awili musanaikemo kanthu.

Amene mufuna malangizo ena, likulu la Dipatimenti ya Nsomba lili ku Chilanga, pa mseu wopita ku Kafue.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndalama zimene amai a mu mpingo anasonkha pogulitsa tomato zisathele pa theka la ola limene tinalephela kudikila.