Gitala ya Magetsi: Kuchokera mu Tchalitchi Kukafika pa Msika

Kuno ku Molumbo, kufupi ndi malire a Malawi, nyimbo zauzimu zimamveka pa msika ngakhale pamalo omwera mowa. Akuluakulu ena a mpingo amadandaula kuti kodi nyimbo yotamanda Mulungu nkuivina pa mowa?

Mkanganowu si wa lero. Ku America, gulu la Stryper linkaimba heavy metal, nyimbo zaphokoso za magitala a magetsi, koma uthenga wake unali wa Yesu. Chimbale chawo cha 1986, To Hell with the Devil, chinagulidwa makope opitirira miliyoni imodzi. Akamaimba, ankaponyera anthu Mabaibulo. Mlaliki Jimmy Swaggart anawadzudzula poyera.

Kwa anansi athu ku Balaka, Alleluya Band inayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici. M'gululi ndi momwe munachokera Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, yemwe anamwalira mu 2024. Nyimbo zawo zinakondedwa ndi opemphera ndi osapemphera omwe.

Choncho makolo, mwana akabwera ndi gitala ku kwaya musafulumire kumuthamangitsa. Yambani mwamvetsera mawu a nyimbo yakeyo.