OPHUNZIRA ZA KANEMA M'KOMBONI YA CHAISA

Makolo a ku Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi amene ana ao ali pa makoleji mu Lusaka amamvetsa msanga mwana akanena kuti akuphunzira uphunzitsi, unamwino kapena za malimidwe. Koma zaka zino pali ana ena amene akafunsidwa amayankha kuti akuphunzira kupanga kanema, ndipo yankho limeneli lasiya akulu ambiri ali kakasi, osadziwa ngati mbuzi imene anagulitsa inalipira sukulu kapena masewera. Ena mwa ana otere amagona mu Chaisa, komboni ya kumpoto kwa tauni, pafupi ndi mseu wa Great North, moyandikana ndi Mandevu. Umoyo wao m'masabata otsiriza a cigawo ca maphunziro, cimene iwo amacha semesita, ndi wolemera koposa mmene a kumudzi amaganizira.

Kanema si mlendo kumudzi. Acikulire akumbukira galimoto ya Zambia Information Services imene inali kufika madzulo pa bwalo la sukulu, anyamata ake nkupacika nsalu yoyera, nkuliza injini ya magetsi, mudzi wonse nkukhala pansi kuonerera za feteleza, za katemera ndi za maulendo a Pulezidenti Kaunda. Dziko lisanalandire ufulu, zithunzi zotere zinali kupangidwa ndi bungwe la Central African Film Unit, limene linayamba mu 1948 ndipo likulu lake linali ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Masiku amenewo munthu wakuda anali woonerera, kapena wosewera zimene wauzidwa. Wogwira kamera ndi wolamula nkhani kawirikawiri anali mzungu. Nchito ya kuseri kwa kamera imeneyo ndiyo imene ana a lero akuilimbira.

Mu Lusaka muli malo angapo ophunzirirako nchito za zofalitsa nkhani, za wailesi ndi za wailesi yakanema. Pali Evelyn Hone College pa mseu wa Church, imene inatsegulidwa mu 1963. Pali University of Zambia pa mseu wa Great East, imene inayamba mu 1966. Palinso Zambia Institute of Mass Communication, yodziwika ndi dzina lakuti ZAMCOM. Mu 2018 kampani ya MultiChoice inatsegula pa ZAMCOM pomwepo sukulu ya caka cimodzi yophunzitsa za mafilimu, yochedwa MultiChoice Talent Factory, nitenga acinyamata 20 ocokera m'maiko a kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Mozambique, popanda kuwalipiritsa. Malo 20 pa maiko onsewo ndi ocepa ndithu. Unyinji wa ofuna nchitoyi umalowa m'makoleji olipira.

Popeza nyumba zogona za pa makoleji sizikwanira onse, mwana wocokera kum'mawa amafikira kwa amalume kapena azakhali, ndipo ndi mmene ambiri apezekera mu Chaisa. Nyumba ya zipinda ziwiri imasunga banja lonse, mlendo nkumayala mphasa pa cipinda cocezera ana akagona. Sadya caulere: m'mamawa amatunga madzi pa mpope wolipira, amayatsa mbaula, nthawi zina amaperekeza ana ku sukulu, kenaka athamangire minibasi. Wopita ku mseu wa Great East amayenera kukwera kawiri, ndipo ndalama ikasowa amayenda pansi kufikira m'tauni. Masabata oyamba a semesita amapiririka, pakuti amakhala a kumvetsera aphunzitsi, kuwerenga mbiri ya kanema ndi kuphunzira kagwiridwe ka kamera. Mabvuto amaunjikana kumapeto.

Wophunzira uphunzitsi kapena za maakaunti amalemba mayeso ndi peni, namaliza. Wa kanema amalemba mayeso omwewo, koma pamwamba pake ayenera kupereka filimu yaifupi, yopangidwa ndi manja ake pamodzi ndi anzake. Filimu ya mphindi 10 imaoneka ngati kanthu kocepa kwa woonerera. Komatu pa sekondi imodzi yokha pamadutsa zithunzi 24 kapena 25, ndipo tsamba limodzi la nkhani yolembedwa limabala pafupifupi mphindi imodzi ya kanema. Cocitika cimodzi, monga mai akulowa m'nyumba ndi ndowa pamutu, cimajambulidwa kangapo: capatali, capafupi, ca nkhope yokha, ca manja okha. Wosewera akalakwitsa liu limodzi, zonse zibwerezedwa. Motero mphindi 10 zija zimadya masiku atatu kapena anai a kujambula, ndi masabata a kudula ndi kulumikiza zithunzi pa kompyuta.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo filimu nayonso siipangidwa ndi munthu mmodzi. Gulu limagawana nchito: wina alemba nkhani, wina atsogolera osewera, wina agwira kamera, wina atenga mau, wina alumikiza. Kumene mamaki amaperekedwa ku gulu lonse, waulesi mmodzi amagwetsa anzake asanu, ndipo maubwenzi ambiri a pa koleji athera pamenepa. Makamera nawo ndi owerengeka. Gulu limene lapatsidwa tsiku Lacitatu liyenera kujambula Lacitatu, kaya kwaca bwino kaya kuli mvula.

Ophunzira a m'Chaisa kawirikawiri amaitanira anzao ku komboni kwao, cifukwa kumeneko nkhani ziliko zambiri ndipo malo ake safuna kukongoletsa. Msika ulipo, kantemba alipo, mai wogulitsa makala alipo. Cobvuta ndi phokoso. Makina otengera mau sasankha: amatola nyimbo za m'bawa, cimkuzamau ca chalichi, kufuula kwa anyamata oitanira minibasi, kulira kwa cigayo ndi kwa owocherera zitsulo. Khutu la munthu wokhala m'komboni linazolowera, silimvanso zimenezi, koma pa kompyuta zimamveka zonse, mau a wosewera nkumira. Cifukwa cace ambiri amajambula mbandakuca, kapena Lamulungu masana anthu atatuluka m'machalichi. Palinso nkhani ya cilolezo. Mwini nyumba afuna kudziwa cifukwa cimene khoma lake likujambulidwira, akulu a pa msika ayenera kuuzidwa, ndipo alipo anthu amene akaona kamera amaganiza kuti pabwera ndalama za azungu, nayamba kufunsa gawo lao.

Nyengo ya dzinja imaonjeza zake. Njira za m'komboni zimadzala madzi, ndipo cocitika cimene cinayamba kujambulidwa pouma sicingamalizidwe m'matope, pakuti woonerera adzaona kuti mai uja watuluka m'nyumba kuli fumbi nafika pa mpope kuli thope. Ngakhale citenje ca wosewera ciyenera kukhala comweco ca dzulo. Cikacapidwa osauma, gulu lonse liyembekeza.

Caka ca 2024 cinaonetsa poyera kuti maphunziro amenewa amadalira zinthu zimene wophunzira alibe nazo mphamvu. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko, bwalo la National Heroes Stadium, lomwe siliri kutali ndi Chaisa, linasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa mu Janyuwale anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anaphwera, ndipo pofika mu Seputembala nyumba zambiri zinali kuona magetsi maola atatu okha pa tsiku. Cilala comweco cimene cinapsereza cimanga ca makolo kumudzi ndico cinazimitsa kompyuta ya mwana m'tauni. Nchito yolumikiza zithunzi imamaliza batire msanga, ndipo magetsi akazima pakati pa nchito, za usiku wonse zikhoza kutayika. Ophunzira anaphunzira kugona masana ndi kudzuka pakati pa usiku magetsi akabwera, kapena kulipira pa sitolo ya munthu wokhala ndi jenereta.

Za ndalama ndizo zimautsa mikangano pa lamya. Makolo akalipira fizi amayesa kuti amaliza, ndiye mwana akapemphanso mwezi wotsiriza amamuganizira zoipa, makamaka ngati ndi mtsikana. Koma fizi siigula nsima ya osewera, amene amabwera mwaulere ndipo sangasewere ndi njala. Siilipira minibasi yonyamula zipangizo, kapena kabokosi kosungiramo zithunzi, kapena intaneti. Zonsezi gulu limasonkha lokha. Mwana wa mlimi amene alibe cosonkha amacita manyazi pakati pa anzake a ku Kabulonga, ndipo ena amayamba kujomba osati cifukwa ca ulesi, koma kuthawa kufunsidwa.

Boma linacitapo kanthu. Mu 2022 thumba la Constituency Development Fund linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo gawo lina ndi lolipirira acinyamata maphunziro a nchito za manja ndi zaluso. Ofuna thandizoli amayambira ku komiti ya citukuko ya wadi yao. A m'mayunivesiti a boma amapempha ngongole ku Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo ndalama ya cakudya imene inacotsedwa mu 2019 inabwezedwa mu 2023.

Kodi nchito iriko? Funso limeneli ndi la makolo, ndipo ndi loyenera. Maofesi olemba anthu a kanema mwezi ndi mwezi ndi ocepa. Komabe msika wakula kuposa masiku a sewero la Kabanana pa ZNBC. Wailesi yakanema ya Zambezi Magic, imene inayamba mu 2015, yaonetsa masewero a m'Zambia monga Zuba ndi Mpali, nkhani ya mlimi wa mitala imene inayamba mu 2018, ndipo kuseri kwa sewero liri lonse lotere kuli gulu la ojambula, otenga mau, osoka ndi olemba. Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka nakulira ku Wales, anajambula I Am Not a Witch kuno kwathu, ndi Cinyanja cikumveka m'menemo, nalandira mphoto ya BAFTA ku London mu 2018. Mu 2024 filimu yake On Becoming a Guinea Fowl inampatsa mphoto ya wotsogolera ku Cannes, m'dziko la France. Aphunzitsi amachula dzina lake kawirikawiri, ngakhale kuti njira imene iye anadzera si imene mwana wa m'Chaisa angadzere.

Njira ya mwana wa m'Chaisa imayambira pafupi. Loweruka amabwereka kamera nakajambula ukwati, phwando la mkwatibwi kapena kwaya ya chalichi imene ikufuna kuonekera pa Facebook, ndipo ndalama ya tsiku limenelo ndiyo imalipira nsima ya osewera ake sabata yotsatira. Ena pa chuthi amakwera basi pa Intercity kupita kwao ndi kamera yobwereka m'thumba, kukajambula Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale kapena Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, akatapempha cilolezo kwa akulu a mwambo. Zotsatira za mayeso zimatuluka iwo ali kumudzi komweko, akuthandiza kumunda, ndipo amene gulu lao linalephera kumaliza filimu amabwereza phunzirolo, nalipiranso.