Odwala matenda oiwala sadzakuuzani kuti mkodzo ukuwotcha

Ambiri a ife a geni tili ndi munthu wachikulire kunyumba amene mutu unayamba kuiwala. Kwa ine ndi mayi a kunyumba kwanga. Madokotala amati dementia, achibale amati ukalamba basi, ena opanda chisoni mpaka amati ufiti. Koma chimene chimatithamangitsa kuchipatala kawirikawiri si kuiwalako ayi. Ndi matenda a m'chikhodzodzo, amene amangobwerabwera ngati wodula matikiti a pamsika.

Inu ndi ine mkodzo ukamawotcha timanena. Mayiwa sanena, mawu ake anawathawa. Ndimangoona akukana nsima, akugona masana onse, akukalipa popanda chifukwa, kapena akudzikodzera kuposa masiku onse. Matenda oiwala amakula pang'onopang'ono, miyezi ndi zaka. Munthu akasokonekera mwadzidzidzi, tsiku limodzi kapena awiri, ndiye kuti m'thupi mwalowa china: kaya chikhodzodzo, kaya malungo, kaya chibayo. Pamenepo mpofunika kukayezetsa.

Gwero lake kawirikawiri ndi tizilombo totchedwa E. coli timene timakhala m'matumbo mwa aliyense. Njira ya mkodzo ya munthu wamayi ndi yaifupi, masentimita 4 okha, choncho tizilomboti sitivutika kufika m'chikhodzodzo, makamaka mayi akasiya kupita kumwezi. Kwa abambo vuto limakhala prostate ikatupa n'kumatsekereza mkodzo. Odwala shuga nawo amagwidwa msanga.

Mankhwala oyamba ndi madzi. Anthu oiwala amaiwala ndi ludzu lomwe. Ine m'mawa ndisanapite kukayala katundu pa benchi ndimadzaza botolo la malita 2, mdzukulu wathu n'kumawapatsa kapu imodzi imodzi. Madzulo ndikafika sindifunsa kuti amwa, ndimayang'ana botolo. Akakana madzi timawanyengerera ndi thobwa, tiyi kapena mavwende. Amene ali ndi vuto la mtima kapena impso, muyeso wa madzi auneneretu dokotala.

Kuchimbudzi timawaperekeza maola awiri kapena atatu alionse. Mukafunsa kuti "mukufuna kukataya madzi?" yankho ndi ayi nthawi zonse. Ndimangoti "tiyeni mayi," n'kuwagwira dzanja. Powapukuta timayambira kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo thewera kapena chitenje chikanyowa timasintha pomwepo. Kunena zoona ntchito imeneyi njovuta kwa bambo wa msinkhu wanga, matewera nawo mtengo wake ngosayamba, koma sungafanane ndi kutseka benchi sabata yathunthu uli pa chipatala. Kudzimbidwa nako kumapanikiza chikhodzodzo mkodzo osatha kutuluka wonse, ndiye mgaiwa, nyemba, masamba ndi papaya zisasowe.

Tsono pali nkhani ya makapusozi, ndipo apa anzanga mundikhululukire. Tonse tikuwadziwa anyamata ogulitsa Bactrim ndi amoxicillin pamsika pompano, mankhwala ali padzuwa tsiku lonse pambali pa mankhwala a makoswe. Wodwala akangotulutsa mkodzo wonunkha, achibale amathamangira komweko kukagula anayi, mawa asiya. Tizilombo tikalawa mankhwala operewera timazolowera, ndipo tsiku limene mudzawafunedi sadzagwira ntchito. Komanso fungo palokha si matenda. Nthawi zambiri limangosonyeza kuti madzi achepa m'thupi. Okalamba ambiri amakhala ndi tizilombo mu mkodzo koma osadwala, ndipo oterewa madokotala sawapatsa mankhwala. Akalemba mankhwala kuchipatala, amwe monga alembera, inuyo mukuona ndi maso kuti ameza, chifukwa anzathuwa amabisa piritsi m'tsaya kapena pansi pa mphasa.

Ngati matendawa abwera kawiri m'miyezi 6 kapena katatu pachaka, pemphani kuti ayeze mkodzo ku labu kuti adziwe mankhwala oyenera, ayezenso shuga. Kwa amayi funsani za mafuta opaka a estrogen, amene amathandiza ena. Mukaona magazi mu mkodzo musangoti ndi zomwezija: amene anakhalako kunyanja kapena ku Chigwa cha Shire akhoza kukhala ndi likodzo, ndipo magazi amathanso kusonyeza khansa ya chikhodzodzo.

Koma thupi likatentha, akamanjenjemera, kusanza, kugwira msana cham'mbali, kapena osadzuka mukamawaitana, matenda akhoza kukhala atafika ku impso kapena m'magazi. Siyirani mnzanu wa benchi yoyandikana katunduyo, pezani galimoto tsiku lomwelo, ngakhale usiku.