Madandaulo a Anthu Okhala m'Mataunishipi ndi Njira Yowafikitsira kwa Oyenera Kuwayankha

M'madera okhala anthu ambiri mumzinda wa Blantyre, monga Ndirande, Bangwe, Chilobwe ndi Zingwangwa, zinthu zimene zimasautsa anthu tsiku ndi tsiku n'zodziwika: zinyalala zounjikana pamsika, ngalande zotsekeka zimene zimabwezera madzi m'nyumba nyengo ya dzinja, misewu yokumbika, phokoso la m'malo omwera mowa, kuuma kwa mipopi ndi mikangano ya malire a mapuloti. Mavutowa amagwera aliyense wokhala m'deralo, koma akangoyamba kukambidwa sachedwa kusanduka mkangano wa zipani, pamene wina akuloza chala boma lolamula, wina khansala, winanso phungu wa Nyumba ya Malamulo. Gwero lalikulu la mikangano yotereyi ndi kusadziwa amene malamulo anamusenzetsa udindo uliwonse, pakuti dandaulo loperekedwa pakhomo lolakwika siliyankhidwa, ndipo likapanda kuyankhidwa anthu amayamba kuganizirana kuti akusalidwa chifukwa cha chipani chimene anavotera.

Maziko a ulamuliro wa m'mizinda ali m'ndime 146 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi, imene inakhazikitsa maboma ang'onoang'ono kuti aziimira anthu a m'madera awo ndi kutsogolera chitukuko. Mu 1998 boma linavomereza mfundo ya mphamvu ku anthu, imene tanthauzo lake ndi kusamutsa ntchito zina, pamodzi ndi ndalama zake, kuchoka kulikulu la boma kupita kumakhonsolo, ndipo m'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la maboma ang'onoang'ono. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli anasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha mu 2014. M'zaka zisanu ndi zinayi zimenezo anthu anazolowera kutula nkhawa iliyonse kwa phungu, kuyambira ya mlatho mpaka ya bokosi la maliro, ndipo chizolowezi chimenechi chikusokonezabe maudindo mpaka lero.

Khonsolo ya mzinda ili ndi mbali ziwiri zimene nzika iyenera kuzisiyanitsa. Mbali yoyamba ndi ya makhansala, amene aliyense amasankhidwa ndi anthu a wodi imodzi, ndiye kuti chigawo chaching'ono cha chisankho, ndipo pachisankho cha 2025 mawodi m'dziko lonse analipo 509. Makhansala amasankha meya, amene amatchedwanso mfumu ya mzinda, pakati pawo, ndipo ntchito yawo ndi kuvomereza bajeti, kupanga malamulo a mzinda okhudza zinthu monga ukhondo ndi malonda, ndiponso kulondoloza mmene ndalama zikugwirira ntchito kudzera m'makomiti a zachuma, zaumoyo, zamaphunziro ndi zomangamanga. Mbali yachiwiri ndi ya olembedwa ntchito, motsogozedwa ndi mkulu woyendetsa khonsolo, ndipo ndiwo amatumiza galimoto zotola zinyalala, kuyendera malo ogulitsira zakudya ndi kuvomereza mapulani a nyumba. Khansala, tsono, sagwira fosholo kapena kusunga ndalama za khonsolo, koma ali ndi mphamvu yofunsa m'msonkhano wa khonsolo chifukwa chimene ntchito yovomerezedwa sinagwiridwe.

Si vuto lililonse la m'dera limene lili m'manja mwa khonsolo. Zinyalala, misika, zimbudzi za onse, ngalande, misewu ya m'kati mwa madera, manda, magetsi a m'misewu ndi ziphaso za bizinesi ndi za khonsolo. Madzi a m'mipopi ndi a bungwe la Blantyre Water Board, limene limapopa madzi ambiri kuchokera mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, ndipo m'madera ena makiyosiki, ndiye kuti malo ogulitsira madzi pachidebe, amayendetsedwa ndi magulu a ogwiritsa ntchito madzi. Magetsi a m'nyumba ndi a ESCOM, misewu ikuluikulu ndi ya Roads Authority, pamene umbava ndi umbanda ndi nkhani ya apolisi mothandizana ndi magulu a chitetezo cha m'madera. Udindo wa phungu ndi kupanga malamulo a dziko, kuvomereza bajeti ya boma ndi kuimira anthu ake ku Nyumba ya Malamulo.

Pakati pa nzika ndi khansala pali mafumu a m'tauni, amene amatsogolera mabuloko kapena kuti magulu a nyumba zoyandikana, ndiponso komiti ya chitukuko cha wodi. Mafumuwa amathandiza pamaliro, pamikangano ya anthu oyandikana nyumba ndi poitanitsa misonkhano, ngakhale kuti mphamvu zawo sizifanana ndi za mafumu a kumudzi, popeza lamulo la mafumu la 1967 silipereka ulamuliro wa mumzinda m'manja mwa mafumu. Dandaulo lokhudza anthu ambiri limayenda bwino likayambira pamsonkhano wa buloko, n'kulembedwa momveka ndi kutchula malo enieni, kenako n'kuperekedwa kukomiti ya wodi ndi kwa khansala kuti lilowe m'mapulani a khonsolo. Popeza chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, pempho lofuna ndalama zambiri, monga la kalavati kapena mlatho, liyenera kufika bajeti isanavomerezedwe, osadikira kuti madzi ayambe alowa m'nyumba. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Nkhani ya ndalama ndiyo imautsa mikangano yoopsa. Khonsolo imapeza chuma kuchokera kumisonkho ya malo ndi nyumba, matikiti a m'misika, ziphaso za malonda ndi thandizo lochokera kulikulu la boma. Anthu ambiri amakana kulipira ponena kuti sakuona ntchito, khonsolo nayo imati ikulephera kugwira ntchito chifukwa anthu sakulipira, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma mkanganowu ungathe pokhapokha khonsolo itamaonetsa poyera zimene yatolera ndi zimene yagwiritsa ntchito. Palinso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lodziwika kuti CDF, limene linayamba mu 2006 ndipo lakhala likukanganitsa aphungu ndi makhansala. Kusintha kwa lamulo mu 2010 kunapatsa aphungu mphamvu yovota m'makhonsolo, koma mu 2025 Khoti Lalikulu, pamlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, linagamula kuti mphamvu imeneyo ndiponso kulowerera kwa aphungu poyendetsa thumbali n'zosemphana ndi malamulo aakulu. Chofunika kwa nzika n'kudziwa kuti ndalama za CDF ndi za misonkho ya anthu, osati mphatso yochokera m'thumba la munthu.

Kusiyana maganizo pandale si mlandu, pakuti ndime 35 ya malamulo aakulu imateteza ufulu wolankhula, ndime 38 ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, ndipo ndime 40 ufulu wolowa chipani chimene munthu wafuna. Cholakwika chimabwera pamene komiti ya chitukuko yadzazidwa ndi anthu a chipani chimodzi, pamene mayina a olandira thandizo akulembedwa poyang'ana mtundu wa nsalu ya chipani, kapena pamene anthu akukana ntchito yabwino chifukwa choti waibweretsa ndi wa chipani china. Khansala akalumbira amakhala wa anthu onse a wodiyo, omuvotera ndi osamuvotera omwe, ndipo lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, komanso namondwe wa Freddy amene mu Malichi 2023 anagumula phiri la Soche n'kupha anthu ambiri ku Chilobwe, zinaonetsa kuti ukhondo, ngalande ndi malo omangapo nyumba ndi nkhani za moyo wa aliyense, posayang'ana chipani.

Dandaulo likapanda kuyankhidwa, njira zina zilipo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limalola nzika kupempha zikalata za bajeti ndi makontirakiti a khonsolo. Ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a kusayendetsa bwino ntchito za boma popanda kulipiritsa, nkhani za ziphuphu zimapita kubungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, ndipo ofuna kuchita zionetsero amayenera kudziwitsa bwanamkubwa pasadakhale monga mwa lamulo la apolisi. Njira yomaliza ndi voti, imene imabwera pakatha zaka zisanu zilizonse. Anthu okhala m'dera limodzi ali ndi ufulu wosiyana zipani, koma ayenera kupita kumisonkhano ya wodi, kulemba madandaulo awo pamodzi, kuwapereka kuofesi yoyenera ndi kufunsa yankho mpaka litaperekedwa.