Timawu 9 timene timasunga ulemu m'Chingerezi

Ku Clondalkin, kumadzulo kwa mzinda wa Dublin, anthu ambiri ophunzira Chingerezi ndi akuluakulu okhala ndi ntchito zawo: osamalira okalamba, oyendetsa magalimoto a katundu, ogwira ntchito m'masitolo ndi m'mahotela. Ena amalembetsa makalasi a Chingerezi otchedwa ESOL a bungwe la Dublin and Dún Laoghaire Education and Training Board. Ena amapita ku magulu ocheza a Fáilte Isteach, amene anayambira ku Summerhill m'boma la Meath mu 2006 n'kufalikira m'dziko lonse la Ireland. Mmalawi akalowa m'kalasi yotere amakhala patsogolo pa anzake ambiri, poti Chingerezi anayamba nacho ku pulayimale ndipo analemba nacho mayeso a MSCE. Komabe ife aphunzitsi timadziwiratu pamene akapunthwe: pa aneni othandiza amene mabuku amawatcha modal verbs.

Aneniwa alipo 9: can, could, may, might, will, would, shall, should ndi must. Malamulo a kalembedwe kawo ndi atatu basi. Satenga -s, ndiye timati "she can", osati "she cans". Satsatidwa ndi "to". Pofunsa kapena pokana safuna "do". Izi wophunzira amazigwira tsiku limodzi.

Chovuta chili pa tanthauzo, chifukwa pafupifupi mneni aliyense pa gululi ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yolamula, kuloleza kapena kulangiza. Yachiwiri ndi yosonyeza kuti wolankhula akutsimikiza motani. Mayi akanena kuti "He must be home by six" waika lamulo, koma akanena kuti "He must be home, the light is on" akungoganizira poona kuti magetsi akuyaka. Wolankhula Chichewa sachedwa kuzimva akangokumbutsidwa kuti nayenso amachita zomwezo. "Ayenera kufika 6 koloko" ndi lamulo, pamene "ayenera kuti wafika" ndi kuganizira. Kamphatikira ka -nga- nakonso kamaloleza mu "mungalowe" n'kukayikira mu "mvula ingagwe".

Pamene pamagwa ambiri ndi pa ulemu. Kwathu ulemu uli mu "inu" ndi mu "a-" wa patsogolo pa dzina, moti "ndipatseni" ndi pempho lokwanira ngakhale kwa apongozi. Chingerezi chinataya kale kusiyanitsa "iwe" ndi "inu". Mwana ndi "you", agogo ndi "you", bwana ndi "you". Ulemu wambiri unasamukira mwa aneni othandizawa. Choncho munthu woleredwa bwino ku Dedza, amene sangapereke chinthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi, amauza bwana wake kuti "You must sign here" n'kudabwa kuti nkhope ya bwanayo yasinthiranji. Mumtima mwake wanena kuti "musayine apa". M'khutu la wa ku Dublin, wantchito walamula bwana. Chofunika chinali "Could you sign here?"

Mankhwala ake ali m'mbiri ya chinenerocho. Could, might, would ndi should anali aneni a nthawi yakale a can, may, will ndi shall. Lero wolankhula akawasankha pa nkhani ya tsopano amakhala ngati waima patali pang'ono, kumupatsa mnzake mpata woti akane. N'chifukwa chake "Could you" ndi wofewa kuposa "Can you", ngakhale zopemphedwazo n'zimodzi.

Kenako Ireland imawonjezera zakezake zimene mabuku a ku England satchula kawirikawiri. Pamene buku likuti "Shall I close the window?", wa ku Clondalkin amati "Will I close the window?" Bwana akati "You might send me that form today", wophunzira amamva "mwina", pamene bwanayo akufuna fomuyo lero lomwe. Wopempha cholembera amayamba ndi kukana yekha: "You wouldn't have a pen?" Wina akagogoda pakhomo popanda woyankha amati "He mustn't be in", kutanthauza kuti ayenera kuti mwini nyumba wachokapo, osati kuti waletsedwa kukhalamo. Ndipo "I will, yeah", akaunena mokoka mawu, ndi kukana kwenikweni.

Si zonse zimene zimathera pa manyazi. Buku la malamulo a pamsewu la Road Safety Authority, limene aliyense wofuna laisensi amawerenga, limasiyanitsa mwadala "must" ndi "should": woyambayo ndi lamulo la boma, wachiwiriyo ndi uphungu pamene palibe lamulo. Pa ntchito yosamalira odwala pali msampha wina woopsa. "Must" ndi "have to" amafanana, koma akakanidwa amasiyana njira. "She doesn't have to eat it" ndiye kuti adye kapena asadye, zili kwa iye. "She must not eat it" ndiye kuti chakudyacho chisayandikire pakamwa pake. Wosamalira gogo wodwala shuga akasokoneza ziganizo ziwirizi, wovutika ndi gogoyo.

N'chifukwa chake m'kalasi mwanga tebulo la aneni 9 limabwera pomaliza. Choyamba ophunzira amabweretsa mapepala enieni: kalata ya kusukulu ya mwana, pangano la lendi, uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa woyang'anira ntchito. Amalemba mzere pansi pa mneni wothandiza aliyense n'kuyankha mafunso awiri. Kodi wolembayu akulamula kapena akuganizira? Nanga akulankhula ndi yani? Akatero amayeserera pempho limodzi, monga la tsiku lopuma, kwa anthu atatu: mnzawo, bwana ndi dokotala. Munthu wamkulu safunika kuphunzitsidwa ulemu, anabwera nawo kuchokera kwawo. Amangofunika kusonyezedwa pamene Chingerezi chimausunga.

Inu amene mwafika kumene ku Ireland, sabata ino tengani kalata imodzi yochokera kuntchito kapena ku ofesi ya boma, muzungulize "must", "should" ndi "may" aliyense, ndipo mupite nayo kwa aphunzitsi anu musanasayine.