GALIMOTO YOSAOPA MATOPE

Tsiku lotsegulira sukulu anzanga ena anandiseka kwambiri pamene anaona galimoto imene inadzanditula pa chipata. Wina anati ndi khola la nkhuku loyenda, ndipo wina anaonjeza kuti tsabola wakale sawawa. Galimotoyo ndi Land Rover ya amalume anga, yopangidwa m'chaka cha 1964. Ndafuna kulongosola pano mbiri yake ndi mayendedwe ake, kuti oseka aja aweruze okha.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku Mangalande kunali mmisiri wina dzina lake Maurice Wilks, wa kampani ya Rover. Iyeyu anali ndi munda ku chilumba cha Anglesey, kumene ankagwiritsa ntchito Jeep ya asilikali a ku Amerika. M'chaka cha 1947 anaganiza zopanga galimoto yakeyake yothandiza alimi, yotha kuyenda mu msewu ndi m'munda momwe. Popeza chitsulo chinali chosowa nthawi imeneyo, thupi la galimotoyo analipanga ndi aluminiyamu, wonga uja wa mapoto a kukhitchini. Land Rover yoyamba inaonetsedwa kwa anthu ku Amsterdam pa 30 April 1948. Posapita nthawi inafika kuno kwathu, ndipo apolisi, amishoni ndi mabwana a ku boma ankaikonda pa maulendo a m'midzi. M'chaka cha 1955 anyamata asanu ndi mmodzi a masukulu aakulu a Oxford ndi Cambridge ananyamuka ku London ndi ma Land Rover awiri, nafika ku Singapore chaka chotsatira.

Kodi mphamvu yake ili pati? Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amakokedwa ndi mawilo awiri okha, kotero kuti awiriwo akalowa m'matope ulendo wathera pomwepo. Koma m'kati mwa Land Rover ya amalume, pafupi ndi giya, muli timitengo tina tiwiri tachitsulo, kena ka mutu wachikasu, kena ka mutu wofiira. Pa msewu wouma mawilo a kumbuyo okha ndiwo amakankha. Woyendetsa akatsindika kachikasu, mphamvu ya injini imagawikira mawilo onse anayi. Akakokera kofiira kumbuyo, galimoto imayenda pang'onopang'ono ngati nanzikambe, koma ndi mphamvu yoti nkukwera chitunda kapena kuzula lole m'dambo. Amalume anandichenjeza kuti pa msewu wa tala n'kulakwa kuyenda ndi mawilo onse anayi, pakuti pokhota mawilo a kutsogolo amayenda mtunda wotalikirapo kuposa a kumbuyo, ndipo popanda dothi loti aterereko zitsulo za pansi zimapotana nkuthyoka.

Chimene amalume amaikondera koposa n'chakuti munthu angathe kuikonza ndi manja ake. Zitseko, denga ndi mbali zake zinamangidwa ndi mabawuti, choncho sipanala ndiye dokotala wake. Batire ikafooka, amalowetsa handulo kutsogolo napukusa mpaka injini ilire. Aluminiyamu uja sachita dzimbiri. Chimene chimadyeka ndi chitsulo cha pansi chonyamula thupi lonse, ndipo n'chifukwa chake Loweruka lililonse amalume amagona chagada pansi pake ndi chitini cha girizi. Akatha apo ndiye amakumbuka nkhunda zao ndi bawo. Azakhali amadandaula kuti galimotoyo ndi mkazi wachiwiri pakhomo.

Sindibisa zoipa zake. Imamwa petulo kwambiri, imadontha oyilo paliponse pamene yaima, chiwongolero chake n'cholimba, ndipo mukakhala kumbuyo mumafika mafupa onse akuwawa. Mvula ikamagwa madzi amalowa pa zitseko.

Komabe ine ndinaona ntchito yake ndi maso angawa pa tchuthi cha Khirisimasi. Usiku wina mvula ikugwa anthu anadzagogoda, nati mayi wina wapakati wavutika kwambiri. Msewu wa ku chipatala umadutsa m'dambo, ndipo galimoto yaing'ono imene anayamba aitana inali itamira kale pamenepo. Ine ndinatenga tochi ndi khasu, amayiwo tinawagoneka pa mphasa kumbuyo. Pofika pa dambopo amalume anaima, nakoka kofiira kaja mwakachetechete, ndipo khola la nkhuku lija linaoloka matope ofika m'mawondo osaima konse. Mbandakucha kunabadwa mwana wamkazi.

Ma Land Rover a maonekedwe akalewa anapangidwa ku Solihull kufikira mwezi wa January chaka cha 2016, ndipo onse pamodzi anapitirira 2 miliyoni. Ya amalume yapyola zaka 60 koma ikuyendabe, chifukwa mwini wake saitaya ikadwala.

Tsono anzanga, pano pa sukulu tili ndi madesiki othyoka ndi njinga zadzimbiri kuseri kwa nyumba yogona. Amene afuna kuphunzira kugwira sipanala andipeze Loweruka tikatha kuchapa. Oseka aja nawonso ndi olandiridwa.

Wophunzira wa Folomu 3