Aphunzitsi a ku Kitwe ndi Ndola ayambe kuchongera limodzi

Silabasi ikanena zina, mapepala a mayeso a zaka za m'mbuyo n'kunena zina, mphunzitsi amatsata mapepala. Sitingamudzudzule, pajatu makolo akabwera pasukulu safunsa za silabasi, amafunsa kuti akhoza angati. Vuto limeneli lawagwera aphunzitsi a ku Kitwe ndi ku Ndola kuyambira mu 2025, pamene Zambia inayamba kutsata dongosolo latsopano la maphunziro lomwe linakonzedwa mu 2023. Pulayimale yatsika kufika pa zaka zisanu ndi chimodzi, Giledi 8 yasanduka Fomu 1, ndipo akuti mwana azionetsa zimene angathe kuchita, asamangolakatula zoloweza.

Ubwino wake, aphunzitsi a m'chigawo cha Copperbelt, momwe muli mizinda iwiriyi, anazolowera kale kufufuza okha ntchito yawo. Mchitidwewu unayambira m'chigawo cha Central mu 2005 ndi thandizo la bungwe la JICA la ku Japan, ndipo unafika ku Copperbelt ndi ku North-Western mu 2008. Aphunzitsi a phunziro limodzi amakhala pansi n'kusankha mutu umene ukusautsa ana, tinene kalumikizidwe ka mabatire ndi mababu. Amakonzera limodzi kaphunzitsidwe kake. Mmodzi amaima kutsogolo ndi choko, anzake ali chete kumbuyo ndi makope, maso ali pa ana: uyu wagwira waya molakwika, uyo wangokopera kwa mnzake. Akatuluka amakambirana pamene ana anasokonekera, amakonzanso, kenaka phunziro lomwelo amakaliyesa m'kalasi ina. Ku Malawi aphunzitsi a masamu ndi sayansi akumbukira pulogalamu ya SMASSE, yomwenso inabwera ndi a Japan omwewa. Kwawo ku Japan mwambowu ngwakale, unayamba m'zaka za m'ma 1870.

Komatu kafukufuku ameneyu wakhala akuzungulira pa kaphunzitsidwe, pomwe moto uli pa kachongedwe. Kuyambira mu 2019, bungwe la Examinations Council of Zambia linasiya mayeso a m'labotale a tsiku limodzi aja, n'kulamula kuti aphunzitsi aziyesa ana kusukulu konko ndipo malikisi ake aziwerengedwa pa zotsatira. Choncho mphunzitsi ndi woyesanso. Taganizani ntchito imodzi ya mwana itapatsidwa kwa mphunzitsi wa ku Chimwemwe ku Kitwe ndi wina wa ku Masala ku Ndola. Woyamba aona kuti mwanayo wamvetsa ngakhale walemba mosalongosoka, ampatsa malikisi ambiri. Wachiwiri, yemwe kalasi yake inasefukira sukulu itakhala yaulere mu 2022, achonga usiku ndi maso otopa, angofufuza mawu a m'buku, akawasowa adula. Onse awiri ndi oona mtima. Nanga a ku Northern Technical College ku Ndola, kapena a ku Copperbelt University ku Kitwe, akalandira satifiketi akhulupirire muyeso wa yani?

Funso lomweli analimbana nalo ku Queensland, m'dziko la Australia, komwenso amakumba kopa ku Mount Isa. Potsatira lipoti la Radford la mu 1970, iwo anathetsa mayeso aboma a kusekondale, omaliza analembedwa mu 1972. M'malo mwake aphunzitsi a sukulu zosiyanasiyana ankakumana m'magulu, mafayilo a ntchito za ana ali patebulo, n'kumatsutsana mpaka atamvana kuti ntchito yotere ndiyo yoyenera giledi yakuti. Zinayenda motero pafupifupi zaka 50. Mayeso aboma anabwerera mu 2020, koma m'maphunziro ambiri amangotenga 25 peresenti, ndipo pa masamu ndi sayansi theka. Kwa ine chosiririka si kuthetsa mayesoko ayi. Ndi tebulo lija, pamene mphunzitsi amaphunzira kuteteza malikisi ake ndi umboni pamaso pa anzake.

Ku South Africa anasankha njira yachidule: malikisi a kusukulu ndi 25 peresenti ya matiriki, mayeso omaliza a kusekondale, koma bungwe la Umalusi limawakweza kapena kuwatsitsa poyerekeza ndi mmene ana alembera mayeso. Pepala ndiye mfumu basi. Ku Scotland nako anasintha silabasi mu 2010, ndipo mu 2021 bungwe la OECD linawauza kuti mayeso a makalasi apamwamba sakugwirizana ndi zolinga za silabasiyo. Zaka 11 zinali zitapita, ana ambirimbiri atadutsamo.

Copperbelt isadikire zaka zoterozo. Kitwe ndi Ndola atalikirana makilomita pafupifupi 60 okha, sukulu za m'makomboni zili moyandikana moti mphunzitsi atha kuyenda wapansi, ndipo Mukuba University ndi Kitwe College of Education, zomwe zimasula aphunzitsi, zili pakhomo pomwepo. Misonkhano ya aphunzitsi ya teremu iliyonse ilipo kale, sipafunika kuyambitsa china.

Inu a maphunziro m'chigawochi, lolani kuti pamisonkhano imeneyi aphunzitsi azibwera ndi ntchito za ana zobisa mayina, aliyense achonge payekha, ayerekeze, alembe pamene asiyana ndi chifukwa chake. Ndipo inu a mayeso ku Lusaka, malipoti amenewo muwawerenge musanakonze mayeso oyamba a Fomu 4.